Mphete ya opal yopangidwa mu labu: ndigule kapena ndisiye?

Woyambitsa nkhani: Abale, ndapeza mphete ya opal yokongola zedi, koma wogulitsa wanena mosabisa kuti mwalawo sanaukumbe pansi, anaupanga mu labu. Mtengo wake ndi wotsika kwambiri poyerekeza ndi wa ku Australia. Kodi si kutaya ndalama kumeneku?

Wosula mphete: Achemwali, ndikanakhala ine ndikanasiya. Tsiku lomwe mudzafune kuigulitsa, palibe adzakupatseni ndalama yooneka. Opal ya ku migodi ya ku Australia ya Lightning Ridge kapena Coober Pedy imakwera mtengo chifukwa njosowa.

Mphunzitsi wa sayansi: Za kugulitsanso ndikuvomereza, koma mwalawu tisautche wabodza. Mitundu ya opal sichokera ku utoto. M'kati mwake muli timipira ta silika (chinthu chimene chimapezekanso mu mchenga) tofanana kukula, tosaoneka ndi maso, ta mananomita pafupifupi 150 mpaka 300 (milimita imodzi ili ndi mananomita miliyoni imodzi). Timipirati tikakhala m'madzi timatsika pang'onopang'ono n'kudzisanja tokha mizeremizere, wina osatikhudza. Kuwala kukafika pa mizereyo kumagawikana: timipira tokulirapo timaonetsa kufiira, tocheperapo timaonetsa buluu. Tikangosiyana kukula, kusanjanako kumasokonekera ndipo mwala umatuluka wopanda mitundu. Asayansi a ku Australia anaziona izi ndi maikulosikopu amphamvu m'ma 1960, kenako Pierre Gilson wa ku France anapanga opal yotere mu labu mu 1974. Choncho chimene chimawalitsa mwala wa mu labu ndi chomwecho chimene chimawalitsa wa m'nthaka.

Wosula mphete: Zoona aphunzitsi, koma ndikauika pa galasi lokulitsa ndimauzindikira msanga. Mawanga ake amafanana kwambiri, ngati khungu la buluzi, ndipo ukauyang'ana cham'mbali mitundu imaima chilili m'mizere. Wachilengedwe sakhala wadongosolo choncho.

Wongodutsa: Chenjerani ndi zotchedwa opalite. Limenelo ndi galasi chabe, mulibe timipira todzisanja.

Mphunzitsi wa sayansi: Apo mwanena zofunika. Achemwali, mufunseninso wogulitsayo chimene chadzaza mipata ya pakati pa timipirato. Ena amathiramo utomoni wa pulasitiki, ndipo mwala wotere sumachedwa kukandika pa chala chogwira ntchito tsiku ndi tsiku. Ngati ndi silika yokhayokha ndipo cholinga chanu ndi kuvala, ine ndikuti gulani.

Woyambitsa nkhani: Zikomo nonse. Ndikufuna yovala, osati yodzagulitsa. Ndimuuza alembe pa lisiti kuti ndi wa mu labu komanso ngati mulibe utomoni. Akakana kulemba, sindigula.