Kodi "kith and kin" ndiye kuti chiyani? Mwana wandiseka

Nachisale wa ku Leicester: Abale ndithandizeni. Gogo wina wachizungu amene ndimamusamalira kuntchito amakonda kudandaula kuti alibe "kith nor kin". Ine miyezi yonseyi ndimamva ngati akuti "kids", ndiye ndimangoti akulira ana. Dzulo ndikufotokoza kunyumba, mwana wanga wa zaka 15 kuseka mpaka misozi, ati amayi si kids ayi, ndi kith. Nditamufunsa kuti nanga kith ndi chiyani, nayenso kukamwa yasa!

Bambo Mbewe: Zosavuta mayi. Kin ndi abale a kuchimuna, kith ndi a kuchikazi. Aphunzitsi athu a Sitandade 8 anatiuza choncho ndipo munthu uja Chingerezi ankachidya.

Mdzukulu wa Machona: Mwandikumbutsa agogo anga aakazi, Mulungu awause. Anakhala ku Salisbury, Harare wa lero, zaka zambiri, agogo aamuna akuphikira mzungu. Ian Smith, mtsogoleri wa boma la azungu ku Rhodesia (Zimbabwe wa lero), atalengeza ufulu wa dzikolo popanda chilolezo cha Britain pa 11 Novembala 1965, akuti mawu amenewa anali ponseponse, chifukwa ku Britain ambiri ankakana zotumiza asilikali ponena kuti azungu a ku Rhodesia ndi kith and kin awo. Agogo ankatchula kuti "kifenikini". Akaona wina akuikira kumbuyo m'bale wake wolakwa pa mlandu, ankangoti, "Musavutike, pamenepo ndi pa kifenikini." Ife tinakula tikuyesa kuti ndi Chishona.

Nachisale wa ku Leicester: Kkkk kifenikini! Koma ndiye kwa agogo anu anali mawu a kukondera, pomwe gogo wanga kuno amawanena ndi chisoni.

Mlongo wa ku Glasgow: Bambo Mbewe pepani, aphunzitsi aja anakuphonyetsani. Kith ndi mawu akalekale a Chingerezi, ochokera ku tsinde la kudziwa. Poyamba ankatanthauza dziko limene ukulidziwa, kwanu kwenikweni, kenako anthu odziwana nawo ngakhale si a magazi amodzi. Kin ndiwo abale a magazi, a mbali zonse. Tsinde lakelo likadali moyo kuno ku Scotland, munthu akafuna kunena kuti ndikudziwa amati "I ken". Ngakhale "uncouth" amene timanenera munthu wamwano, kale ankangotanthauza chinthu chosadziwika. Mwachidule tingati abale ndi anansi.

Aphiri a ku Joni: Mlongo mukunena zoona. Kuno m'Chiafrikaansi akamati akumudziwa munthu amati "ek ken hom". Achijeremani nawo akuti "kennen". Ndi mtundu umodzi ziyankhulo zimenezi.

Bambo Mbewe: Ndiye mukundithandiza inu! Mwana amadziwa bwino abale ati? Si a kwa mayi ake, malume ndi amayi aang'ono aja amamulera? Odziwikawo ndi a kuchikazi basi. Kith.

Mlongo wa ku Glasgow: Bambo, Angerezi sankakhala pachikamwini. Mwawalowetsa m'mudzi wa ku Dedza tsopano.

Bambo Mbewe: Mayi ndi mayi kulikonse. Ine sindisuntha.

NaBanda: Agogo anga analibe Chingerezi ngakhale cha moni, koma zimenezi ankazisiyanitsa bwino. Maliro akachitika ankati m'bale amabwera mawa ndi basi, koma wokutseka maso ndi mnansi. Kenako tsiku lina ukawayambanitsa ndi achimwene awo, omwewo ankatembenuka n'kuti chibale ndi fupa, sichiola. Zinkatengera kuti tsikulo wawakwiyitsa ndani. Gogo wanu wa ku Leicester akamati alibe zonse ziwiri, ndiye kuti wauma zedi, mudzimucheza ndithu.

Aphiri a ku Joni: Chondiwawa ine n'choti mwana wa Nachisale wabadwira konko koma tanthauzo salidziwa. Akudziwa kuseka make basi.

Nachisale wa ku Leicester: Musanene achimwene. M'nyumba muno ndi "bruv", "fam", "innit" kuyambira m'mawa. Tsiku lina anandiitana ine amene bruv. Ndinamuyang'ana diso limodzi, sanabwerezenso.

Mlongo wa ku Glasgow: Bruv bola, ndi brother wodulidwa, tsinde lake ndi lakale ngati kith yemweyo. Fam ndiye wochokera ku Chilatini.

NaBanda: Nanga kumudzi kuno kwasiyana? Bambo ake akuti madala, mayi ake masteni, ukapereka moni akuti bho. Mdzukulu wanga ndinamufunsa kuti mnansi ndi ndani, anati ndi dzina la munthu.

Mdzukulu wa Machona: Komatu nafenso makolo ankatidandaula chimodzimodzi titayamba kunena kuti shapu.

Bambo Mbewe: Shapu anali ndi ulemu wake. Koma Nachisale, mawa mukamufunse gogoyo ngati ali ndi abale a kwa mayi ake. Akati alibe, mudzabwere mudzandipepese nonse.

Nachisale wa ku Leicester: Mawa ndili off, ndikamufunsa Lachinayi ngati wadzuka bwino.