Factor V Leiden ndi mahomoni a "bioidentical" kwa mayi wosiya kusamba

Kambalame

Moni nonse. Ndikufunsira achemwali anga a zaka 52, amene anasiya kusamba chaka chatha. Thupi limawatentha mwadzidzidzi kangapo patsiku, ndipo usiku amadzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta. Atawayeza anawapeza ndi Factor V Leiden, vuto lakumtundu lochititsa magazi kuundana mosavuta, yotengera kwa kholo limodzi. Iwowo magazi sanawaundanepo, koma mayi athu aang'ono anatupapo mwendo ndi magazi oundana atachitidwa opaleshoni. Chiberekero ali nacho, fodya sasuta, sionenepa. Ena akuwauza kuti mahomoni asawayandikire n'komwe. Ena akuti angamwe, bola akhale a "bioidentical" poti ndi ofanana ndi a m'thupi. Olondola ndi ati?

Nyali

A Kambalame, onsewo aphonya, koma achiwiriwo ndi amene angapweteketse munthu. Mawu oti bioidentical amangotanthauza kuti homoniyo ndi yofanana ndendende ndi imene thupi limapanga, estradiol (mtundu wa estrogen) kapena progesterone. Sanena kuti mankhwalawo alowera pati. Pa nkhani ya kuundana kwa magazi, polowerapo ndi pamene pagona nkhani.

Piritsi la estradiol mukalimeza, limachoka m'matumbo n'kukafikira kuchiwindi lisanafalikire m'thupi. Chiwindi ndicho chimapanga mapuloteni oundanitsa magazi, komanso ena amene ntchito yawo ndi kuletsa kuti magazi asaundane mopitirira. Chikalandira estrogen yambiri nthawi imodzi, chimachulukitsa oundanitsa aja n'kuchepetsa oletsa, monga protein S ndi antithrombin. Sichifunsa kuti estrogen imeneyi yachokera ku mkodzo wa akavalo kapena ku zomera. Koma ya pakhungu, kaya chigamba chomata, gel kapena yopopera, imalowa m'magazi pang'onopang'ono ndipo imafika kuchiwindi itasungunuka kale, ngati momwe inkachitira yochokera m'thupi mwenimweni.

Tsono Factor V Leiden, imene anaitulukira mumzinda wa Leiden ku Netherlands mu 1994, ndi vuto la mabuleki. Puloteni ya factor V ikamaliza ntchito yake imayenera kudulidwa ndi protein C. Kwa munthu wa Leiden, malo odulirapo anasintha, ndiye imachedwa kuzima. Estrogen yakumwa imafooketsa mabuleki omwewo. N'chifukwa chake ziwirizi zikakumana, ngozi simangowonjezerana koma imachulukitsana.

Kafukufuku wa ESTHER wa ku France anaonetsa zimenezi mu 2005. Poyerekeza ndi amayi opanda vutoli amene sankalandira mahomoni, amayi a Factor V Leiden kapena prothrombin G20210A (vuto lina lakumtundu loundanitsa magazi) anali ndi ngozi yowirikiza pafupifupi kanayi. Akamamwa estrogen, inkawirikiza ka 25. Akamalandira ya pakhungu, inkakhalabe cha pa kanayi pomwepo. Nambala ya 25 inachokera pa amayi ochepa, choncho musaiwerenge ngati muyezo wa pasikelo. Kafukufuku wa WHI wa ku America, amene anagwiritsa ntchito mapiritsi a conjugated estrogen (yochokera ku mkodzo wa akavalo) 0.625 mg ndi medroxyprogesterone (mankhwala ogwira ntchito ngati progesterone) 2.5 mg, anapeza kuwirikiza pafupifupi ka 7 kwa amayi a Leiden. Manambala akusiyana, koma akuloza kumodzi. Mu 2019, kafukufuku wina wa ku UK anaunika amayi oposa 80,000 amene magazi anawaundana, ndipo anapeza kuti mahomoni akumwa ankakweza ngozi pamene a pakhungu sankatero.

Kuti manambalawa amveke: mwa amayi 1,000 a zaka za m'ma 50, mmodzi kapena awiri ndi amene magazi amawaundana m'mitsempha pachaka. Mukachulukitsa kanayi mukadali pansi pa 10. Mukachulukitsa ka 25 ndi nkhani ina.

Chenjerani ndi Bijuva, kapisozi wa estradiol 1 mg ndi progesterone 100 mg. Ndi bioidentical yeniyeni, yovomerezeka, koma ndi yomeza. Kwa achemwali anuwo siyoyenera.

Mtsinje

Ndikugwirizana ndi a Nyali. Ine ndiwonjezere za kagwiritsidwe kake, poti apa mpamene zinthu zimasokonekera ngakhale mankhwala atasankhidwa bwino.

Mulingo muyambire pansi: chigamba cha 25 mcg patsiku, kapena kapopedwe kamodzi ka Oestrogel, kamene ndi 0.75 mg. Dikirani milungu 6 mpaka miyezi 3 musanaweruze. Zikapanda kukwanira, kwezani kufika pa 37.5 kapena 50 mcg. Mapopedwe awiri a gel amalingana ndi chigamba cha 50. Kwa munthu wa vuto la magazi ndi bwino kusapyola pa 50 popanda chifukwa chomveka, poti umboni wambiri wotilimbitsa mtima unachokera pa milingo imeneyi, ndipo zigamba za mulingo woposa 50 zinapezekapo kuti zimakweza ngozi ya sitiroko.

Zigamba monga Evorel ndi Estradot zimasinthidwa kawiri pamlungu, Climara kamodzi. Mumamata m'munsi mwa chiuno, pa thako kapena pantchafu, osati pabere. Khungu likhale louma, lopanda mafuta odzola. Mukamata, panikizani ndi chikhatho kwa masekondi angapo, makamaka m'mphepete, ndipo ulendo wotsatira musinthe malo kuti khungu lisayabwe. Botolo la madzi otentha musaliike pachigamba, chifukwa kutentha kumachititsa kuti mankhwala atuluke ambiri nthawi imodzi. Gel mumapaka mopyapyala pa mkono kapena mkati mwa ntchafu, n'kudikira mphindi zisanu kuti iume musanavale. Pamalopo musasambe kwa ola limodzi, ndipo mwana asakhudzepo pakadali ponyowa.

Chiberekero chilipo, ndiye estrogen yokha ayi. Imakulitsa khungu la m'kati mwa chiberekero, ndipo zikapitirira zimatha kufika pa khansa. Chotetezera chabwino pano ndi micronised progesterone, imene imagulitsidwa ndi dzina la Utrogestan kapena Prometrium. Mayi amene wadutsa chaka osasamba amamwa 100 mg usiku uliwonse. Amene akadali kusamba mwa apo ndi apo amamwa 200 mg kwa masiku 12 mpaka 14 pamwezi, ndipo akamaliza amaona magazi. Imagonetsa, choncho ndi yapogona. Prometrium ya ku America ili ndi mafuta a mtedza, ndiye amene mtedza umawatupitsa anene.

Mwina mufunsa kuti nanga bwanji progesterone ikumezedwa. ESTHER yomweyo mu 2007 inasiyanitsa mitundu yake. Micronised progesterone sinakweze ngozi ya kuundana kwa magazi, pamene gulu la nomegestrol ndi promegestone linaikweza pafupifupi kanayi. Medroxyprogesterone nayo ili ndi mbiri yoipa pa nkhaniyi. Amene progesterone yakumwa imawasowetsa mtendere angaikitse lupu ya levonorgestrel 52 mg, monga Mirena, imene imateteza chiberekero kwa zaka 5.

Timadontho ta magazi m'miyezi yoyambirira n'tosadabwitsa. Tikapitirira miyezi 6, kapena tikayambanso patapita nthawi titasiya, chiberekero chiunikidwe.

Chidikhodikho

Pepani, ndibwezeko pang'ono, chifukwa wina angawerenge pamwambapa n'kuganiza kuti aliyense wa vuto la magazi lakumtundu angothamangira chigamba.

Umboni wa mahomoni a pakhungu unachokera pa kuunika amayi amene ankawalandira kale. Sunachokere pa kafukufuku wamkulu wogawa amayi a vutoli mwachisawawa, ena mankhwala ena ayi. Ndi umboni wabwino ndipo ukugwirizana ndi zimene zimaoneka poyeza magazi, koma amayi ambiri a vutoli mmenemo anali a Leiden kapena prothrombin yotengera kwa kholo limodzi. Amenewa ndi mavuto opepukirapo. Wotengera Leiden kwa makolo onse awiri, wokhala ndi Leiden ndi prothrombin pamodzi, kapena woperewera antithrombin, protein C kapena protein S, ali pagulu lina. Kuperewera kwa antithrombin ndiye koopsa kuposa onse. Malangizo a NICE, bungwe lopereka malangizo a zaumoyo ku UK, amati mayi wa vuto lakumtundu lotere, kapena amene abale ake ambiri magazi anawaundana, aonedwe ndi dokotala wa matenda a magazi asanayambe mahomoni. Achemwali a a Kambalame ali pagulu lopepukirapo, komabe njira yake ndi yomweyo.

Dokotalayo sadzangoyang'ana pepala la zotsatira. Adzafunsa kuti m'banjamo ndani anadwala, ali ndi zaka zingati, ndipo chinayambitsa n'chiyani. Mayi aang'ono amene mwendo unawatupa atachitidwa opaleshoni salemera ngati mayi wokubala amene magazi anamuundana m'mapapo ali ndi zaka 35 popanda chifukwa chilichonse. Adzaonanso kunenepa, makamaka BMI (muyezo wa kulemera poyerekeza ndi kutalika) ikapitirira 30, fodya, khansa, ndi kukhala nthawi yaitali osayenda.

Amene magazi anamuundanapo kale, nkhani yake ndi yolemera. Ku Norway kunachitika kafukufuku wa EVTET, wofalitsidwa mu 2000, amene anapatsa amayi otere mahomoni akumwa. Vutoli linabwereranso kwa 10.7 peresenti, pamene kwa omwa mapiritsi opanda mankhwala linali 2.3 peresenti, ndipo kafukufukuyo anamuimitsa asanathe. Kwa mayi wotere piritsi la estrogen ndi loletsedwa. Chigamba chimatheka nthawi zina, makamaka ngati akumwa kale mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi monga warfarin, apixaban kapena rivaroxaban, koma pamenepo konzekerani kuti magazi a kuchiberekero akhoza kuchuluka. Aspirin sangalowe m'malo mwa mankhwala amenewa.

Kuyeza nakonso kuli ndi misampha yake. Leiden ndi prothrombin amaziyeza pa DNA, ndiye zotsatira zake sizisintha ngakhale munthu akumwa mankhwala. Koma protein S imatsika munthu akamamwa estrogen kapena akakhala woyembekezera. Warfarin imatsitsa protein C ndi protein S. Heparin, jakisoni wochepetsa kuundana kwa magazi, imatsitsa antithrombin, ndipo magazi akangoundana kumene milingo imasokonezekanso. Munthu woyezedwa pa nthawi zoterezi angathe kuuzidwa kuti ali ndi matenda amene alibe. Mbali inayi, zotsatira zoyera sizifafaniza mbiri ya banja. Factor V Leiden imapezeka mwa anthu pafupifupi 5 pa 100 a mtundu wa ku Europe, koma ndi yosowa kwa anthu a mtundu wa ku Africa ndi kum'mawa kwa Asia, chonsecho mabanja amene magazi amawaundana amapezeka kulikonse.

Kambalame

Zikomo nonse. Nanga mafuta aja amene amakusakanizira payekha atayeza malovu, ndi timibulu toika pansi pa khungu? Si za pakhungu nazonso?

Nyali

Ndi za pakhungu, inde, koma mulingo wake palibe amene angautsimikize. Estradiol wa m'chigamba cha kufakitale ndi yemweyo amene ali m'mafuta osakanizawo. Kusiyana kwake n'kwakuti chigamba chinayesedwa kuti chimatulutsa zingati patsiku, pamene botolo losakaniza lero lingasiyane ndi la mwezi wamawa. Bungwe la National Academies of Sciences, Engineering, and Medicine ku America linaunika mahomoni osakanizawa mu 2020 ndipo linapeza kuti umboni woti ndi otetezeka komanso othandiza ndi wochepa. Kuyeza malovu sikuthandiza kusankha mulingo, poti mahomoni a m'malovu amasinthasintha tsiku lomwelo.

Mafuta a progesterone opaka salowa okwanira kuteteza chiberekero. Mayi amaganiza kuti watetezeka, pamene estrogen ikugwira ntchito yokha. Timibulu ndiye toipitsitsa kwa munthu wa vuto la magazi: timakweza estradiol kupyola muyezo, timakhala miyezi ingapo, ndipo mwendo ukatupa simungatichotse ngati momwe mumamatulira chigamba.

Mtsinje

Ngati dokotala wa magazi wakana mahomoni, njira zina zilipo. Kutentha kwa thupi kumachepa ndi venlafaxine 37.5 mpaka 75 mg, gabapentin yokwezedwa pang'onopang'ono kufika 900 mg patsiku, kapena paroxetine wa mulingo wochepa, ngakhale ameneyu sayenderana ndi tamoxifen, mankhwala a khansa ya m'mawere. Fezolinetant 45 mg, amene anavomerezedwa ku America mu 2023, si homoni, koma amafuna kuyeza chiwindi asanayambe komanso m'miyezi yoyambirira. Ngati vuto ndi kuuma ndi kuwawa kumaliseche kokha, estradiol 10 mcg woika komweko, tsiku lililonse kwa milungu iwiri kenako kawiri pamlungu, amalowa m'magazi pang'ono kwambiri ndipo sanapezeke kuti amaundanitsa magazi. Raloxifene, amene ena amapatsidwa chifukwa cha mafupa, amakweza ngozi ya kuundana, choncho musamuyese pothawirapo.

Akayamba chigamba, auze dokotala aliyense wofuna kuwachita opaleshoni kapena kuwaika pulasitala mwendo kuti ali ndi Leiden, poti pamenepo angafunike jakisoni wa heparin woteteza. Paulendo wopitirira maola anayi azidzuka n'kuyendayenda. Mwendo umodzi ukatupa, katumba n'kumapweteka ndi kutentha, kapena akayamba kubanika mwadzidzidzi, kumva kubaya m'chifuwa popuma, kapena kutsokomola magazi, apite kuchipatala tsiku lomwelo ndipo osaufikisa mwendowo.