Za njinga yamoto ija: ndatenga V-Strom 650

Ndinafunsa kuti pakati pa Ténéré 700 ndi V-Strom 650 ndigule iti yoyendera awiri, ine ndi mayi akunyumba, paphula ndi pafumbi pomwe. Ambiri munati Ténéré, ndipo zoonadi, tayala lake lakutsogolo la mainchesi 21 lingachite bwino pamsewu wa ku Nyika. Koma titaiyesa kuchokera ku Katoto mumzinda wa Mzuzu mpaka ku Ekwendeni, mayi anatsika akudandaula kuti mpando ngwaung'ono, ngwouma, pogwira palibe. Nkhani inathera pomwepo.

V-Strom mpando wake ngwotakata, thanki imalowa malita 20 pomwe inayo ndi 16, ndipo za mafuta kuno mukuzidziwa nokha. Vuto lake, tikasenza katundu imakhula pansi pamiyala, ndiye ndaikitsa chitsulo choteteza injini. Matayala ake mumagula kuti, akuluakulu?