cc65 yomwe ndikugawa pa fulashi ikukana pa malaputopu akale, thandizeni

wa6502: Akuluakulu moni nonse. Ndimasamala paketi ya cc65 (compiler ya C ya makina akale a purosesa ya 6502) ya kagulu kathu ka Loweruka, timaphunzitsa ana a sekondale C ndi assembly ya 6502, amalemba timagemu ta Commodore 64 nkumatiyendetsa mu VICE, pulogalamu yotsanzira Commodore 64 pa kompyuta, poti makina enieniwo palibe ali nawo kuno. Bandulo ndi yodula ndiye sindingauze mwana aliyense kuti akakoke source ku GitHub nkuchita make yekha, ndimabiluda ineyo kamodzi nkugawa pa fulashi. Sabata yatha ndabiluda pa Ubuntu 22.04, kwanga ikuyenda bho, koma pa malaputopu anayi a ana ikukana, ambiri ukangolemba cl65 (komandi yobiludira ya cc65) ikungoti version GLIBC_2.34 not found basi. Ana anakhala maola awiri akungoyang'ana sikirini, zinandiwawa kwambiri. Ndalakwitsa pati?

mayi_firmware: Achimwene malaputopu a anawo ali ndi Linux iti? Ndikuganiza kuti ndi Ubuntu 20.04 kapena 18.04. Yanuyo ili ndi glibc (library ya C yomwe mapulogalamu a Linux amadalira) 2.35, ya 20.04 ndi 2.31, ya 18.04 ndi 2.27. Chimachitika nchoti pulogalamu yobiludidwa pa glibc yakale imayenda pa yatsopano popanda vuto, koma yobiludidwa pa yatsopano sibwerera mmbuyo. Ndipo 2.34 ndiyomwe imavuta kwambiri chifukwa mmenemo anasintha __libc_start_main, kamene kamadzutsa main() ya pulogalamu iliyonse, ndiye olo mutalemba hello world ya mizere itatu pa makina anuwo ikafunabe 2.34 yomweyo. Tayesani objdump -T pa cl65 nkusefa ndi grep GLIBC muona nokha.

wa6502: Mwalasa amayi, atatu ndi 20.04, imodzi ndi Mint 19. Objdump ikuonetsadi 2.34 pa __libc_start_main, mzere umodzi wokhawo.

z80_joni: Aise njira zilipo ziwiri. Mutha kubiludira mu container ya Linux yakale, anthu a Python amatero ndi manylinux2014 yomwe ili pa CentOS 7 ndi glibc 2.17, chotuluka mmenemo chimayenda pafupifupi paliponse. Koma kwa cc65 ine ndingapite ku Alpine, Linux yogwiritsa ntchito musl m'malo mwa glibc, nkuika LDFLAGS=-static pochita make bin kuti library ya C ilowe mu binary momwemo. Zida zake zonse cc65, ca65, ld65, cl65 ndi C wamba, sizifuna netiweki kapena zojambula, zimangowerenga fayilo nkulemba fayilo, ndiye static sikuvutani chilichonse ndipo nkhani ya glibc imatheratu. Mukamaliza lembani file bin/cl65, ikanena kuti statically linked ndiye kuti zatheka. Chinanso muonetsetse Mint 19 ijayo, inalipo ya 32-bit, uname -m ikanena i686 mufunika kubiluda yakeyake apo ayi ikupatsani Exec format error.

wa6502: Ndi i686 zoona. Ndiye kuti ndibilude chilichonse kawiri? Ma library aja amatenga nthawi yaitali pa makina angawa ndipo magetsi sachedwa kuthima, batire yanga sifika ola.

madala_asm: Ayi mwana wanga, apa mpomwe anthu ambiri amataya nthawi pachabe. Kumbukira kuti cross-compiler ngati cc65, yoyenda pa makina ena nkumapangira khodi makina ena, ili ndi mbali ziwiri. Zili mu bin ndi za makina omwe ukugwirirapo ntchito, x86 kapena ARM, zimenezo ndiye uyenera kubiluda pa mtundu uliwonse. Koma c64.lib, nes.lib, apple2.lib ndi anzawo mkati mwake muli khodi ya 6502, sizisamala kuti zapangidwira pa Linux kapena Windows. Ndiye make lib uchite kamodzi kokha, foda ya lib, include, asminc, cfg ndi target zikhale zimodzi kwa onse, bin yokha ndiyo uzisintha. Ya Windows nayo utha kuipangira pa Linux pomwepo ndi mingw-w64, Makefile yawo imalandira CROSS_COMPILE=i686-w64-mingw32- ndipo ma exe a 32-bit amayendanso pa Windows ya 64. Komanso ngati ana akungofuna C64 palibe chifukwa chonyamulira ma library a makina onse, fulashi ipepukidwe.

wa6502: Madala zikomo, izi sindimazidziwa ndithu, ndakhala ndikubiluda zonse nthawi iliyonse. Ndapanga monga mwanenera, static yayenda pa onse anayi, cl65 --version ikuyankha. Koma tsopano kwabuka china. Pa awiri ikuti Include file stdio.h not found, pa wina ikudutsa bwinobwino mpaka pa linker kenako linker yo, ld65, ikudandaula za wrong data version mu c64.lib. Mutu wanga waima.

mayi_firmware: Loyambalo ndi la njira chabe. Compiler sikudziwa komwe mwaika include chifukwa kwa anawo foda ili pena, osati pomwe inali kwanu. Ikani CC65_HOME iloze ku foda yaikulu ija, imafufuza include, lib ndi cfg pansi pake. Ine ndimaika ka script kakang'ono mu paketimo, mwana amangoti source yamba.sh, kamapeza kokha pomwe kali nkuika CC65_HOME ndi PATH. Musauze ana kuti azilemba pamanja mu .bashrc, mmodzi adzaphonya chilembo nkudzataya Loweruka lonse.

Lachiwirilo ndilomwe ndikufuna tilione bwino. Pa laputopu imeneyo lembani which -a ld65 mundiuze chatuluka.

wa6502: Zatuluka ziwiri, /usr/bin/ld65 ndi yanga ya pa fulashi. Mwanayo akuti mkulu wake anamuikirapo ndi apt kalekale.

mayi_firmware: Ndi chimenecho. Ma object file ndi ma library a cc65 ali ndi nambala ya mtundu mkati, linker ikapeza nambala yosiyana ndi yomwe ikudziwa imakana. Inu library ndi ya ku git yaposachedwa pomwe linker yomwe yaitanidwa ndi yakale ya mu /usr/bin. Mu script muja PATH yanu ikhale kutsogolo, osati kumapeto. Ndipo bola yakana poyera, choopsa nchoti nthawi zina zosakaniza zimadutsa mwakachetechete, header ya uku library ya uko, gemu nkumangofera mu VICE mwana nkumaganiza kuti walakwitsa ndi iyeyo. Zinandichitikirapo ku ntchito ndi toolchain ina, tinasaka bug masiku atatu mu khodi yomwe inalibe vuto.

z80_joni: Ndiwonjezepo pang'ono, musadalire nambala ya version yokha pofuna kudziwa chomwe mwana ali nacho. Release ya 2.19 ya mu 2020 imadzitchulabe V2.18 ukaifunsa, anthu ambiri asokonezekapo nazo, ndipo kuchokera pamenepo ntchito yambiri yalowa mu git. Lembani commit hash mu dzina la paketi ndi mu README, bin ndi lib zichokere pa commit imodzi nthawi zonse. Pakirani ndi tar.gz kuti ma executable bit asatayike, fulashi ya FAT32 siwasunga, ndiye ana azikopera tar ku home nkumasulira kumeneko. Ikaninso sha256sum pambali, mafulashi oyenda mmanja ambiri amaononga mafayilo.

madala_asm: Ndipo usanagawe uziyesa. Mu cc65 momwemo muli sim65 yotsanzira purosesa ya 6502, ubilude ka pulogalamu ndi -t sim6502, uyendetse, uone ngati kabweza 0. Zimatenga masekondi, sizifuna VICE, ungathe kuchita mu container yopanda kanthu ya 18.04 kuti uone zomwe mwana adzaone. Kenako ka hello ka -t c64 ukatsegule mu x64sc ya VICE ndi maso ako.

Lina ndi la ulemu kwa eni ake. Compiler imeneyi inayamba ndi John Dunning pa Atari, Ullrich von Bassewitz anainyamula kuyambira 1998 mpaka 2013, kenako Oliver Schmidt ndi anzake nkuipitiriza pa GitHub, onsewo mongodzipereka. Laisensi yake ndi ya zlib, ndi yofewa, koma imanena kuti pogawa source mawu a laisensi usawachotse ndipo ukasintha khodi unene poyera kuti wasintha. Ukadzaonjezera SDCC, compiler ya C ya purosesa ya Z80, pa fulashi yomweyo dziwa kuti ijayo ndi GPL, ukagawa binary uyenera kupereka source kapena njira yoipezera.

wa6502: LICENSE ndinaliiwaladi, ndalibwezeramo. Ndapanga tar ziwiri, x86_64 ndi i686, lib imodzi, yamba.sh, hash pa dzina. Ndayesa mu container ya 18.04 sim65 yabweza 0, ndipo madzulo ano ndinapita kwa mwana wa Mint 19 uja, tamasula, source yamba.sh, cl65 -t c64 -O mpira.c, ka mpira kake kayamba kudumpha pa sikirini ya buluu ija iye mpaka kuitana mayi ake kuti adzaone. Yatsala ya Windows, ndiipanga mawa magetsi akabwera. Achimwene a ku Joni, ya Raspberry Pi nayo ndingoitengera mu Alpine ya ARM momwemo eti?

z80_joni: Eya, chimodzimodzi, kungoti muone kaye ngati Pi yanuyo ili pa 32 kapena 64-bit. Mukafuna nditumizireni hash ndikubiludireni kuno, ndili ndi Pi 4 pa desiki.