Thandizeni abale, penti wa galimoto yanga akutha ndikuona

Membala wobisa dzina: Akuluakulu pagulu pano, ndabisa dzina chifukwa alamu anga alimo muno ndipo nkhaniyi ikuwakhudza. Ndili ndi ka Vitz ka 2012 komwe ndinaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar es Salaam. Ndalama yake inali ngongole ya banki mkhonde, mpaka pano ndikubwezabe. Kakufika kanali konyezimira moti kutchalitchi ankati nkatsopano. Pano penti wawonongeka pa boneti ndi padenga, ndipo mwezi uliwonse zikuipiraipira. Ndimakhala ku Chilomoni, nyumba ya lendi. Ndinapempha alandilodi kuti ndimange kashedi ka malata ndi ndalama zanga, anakana ati ndiwononga maonekedwe a pakhomo, chonsecho lendi akukweza osakonza ngakhale geti. Ana awo amamenyera mpira pompo pafupi ndi galimoto, ndikalankhula ndine woipa. Alamu anganso amabwereka ati “tingofika pa Ginnery Corner pompa”, kubwerako madzulo ili matope okhaokha, mafuta atatheratu. Bambo akunyumba ndikawadandaulira amangoti galimoto ndi injini, penti sayendetsa. Madzi akumpopi nawo amatuluka usiku okha. Ndiye chikudya pentiyu nchiyani, ndipo ndipange bwanji kuti zisapitirire? Chonde musandinyoze, mtima ukundipweteka kale.

Madala a Hilux: Mayi, vuto lanu munaliyamba tsiku logula. Galimoto ya ku Malawi kuno ndi YOYERA basi. Ndakhala ndikunena pagulu pano, anthu samva. Mukagula yofiira kapena yakuda, dzuwa la Okutobala la mu Blantyre muno likuphikirani. Yanga ndi yoyera, yafika ku Nsanje ndi ku Chikwawa kotentha kuja, palibe chasintha.

Wopopera penti ku Ndirande: Achemwali, tisanapite patali, kuwonongekako nkotani? Penti wasuluka nkuyera mbuu, kapena akusupuka ngati kapepala koonekera, kapena ndi madontho apa ndi apo? Matenda atatu amenewa mankhwala ake ndi osiyana. Penti wa galimotoyo ndi wa mtundu wanji? Masana imakhala pati? Ikani chithunzi.

NaPhiri wa ku Chinyonga: Alamuwo ndiye musawasekerere asisi. Ine mlongo wa amuna anga anabwereka Sienta yanga kukatengera maliro ku Thyolo, inabwera bampa atamanga ndi waya. Mpaka lero pepani sanandipatse. Makiyi muzigona nawo.

Membala wobisa dzina: Ndi zomwezotu asisi. Ukakana akuti ndiwe wodzimva, akaiwononga onse ziii.

Madala a Hilux: Chachiwiri ndi anyamata a ma car wash. Siponji imodzi yomweyo atsukira matayala, ili mchenga wokhawokha, nkuibweretsa pa boneti. Ikagwa pansi angoitola osaitsukuluza. Ena madzi amatunga mumtsinje. Ine galimoto yanga munthu wina saigwira. Ndimathira kadizilo pang’ono mu ndowa ya madzi, imawala kuposa zanu za polishizo.

Kamnyamata ka car wash: Madala musatipake tonse matope. Ife pathu ndowa zimakhala ziwiri, ina ya sopo, ina yotsukuluzira nsalu, ndipo timayamba tathira madzi kuti fumbi litsike tisanakhudze. Timayambira kudenga kutsika mmunsi, matayala pomaliza ndi bulashi yakeyake. Amene amawononga magalimoto ndi mabwana omwe, amauza alonda kuti mmawa uliwonse azipukuta ndi chiguduli chouma. Fumbi lija ndi timiyala ting’onoting’ono, ukalikhutiza pouma limakala. Muyang’ane galimoto yakuda padzuwa, muona timizere tozungulira. Ndi chiguduli chimenecho.

Wopopera penti ku Ndirande: Za dizilozo musayese achemwali. Amasungunula wax yemwe amateteza penti, amafewetsa malabala a m’mawindo, ndipo fumbi limakakamira pamafutapo. Kuwala kwake nkwa tsiku limodzi.

Madala a Hilux: Iwe mwana, ine ndinayamba kuyendetsa usanabadwe. Ma Peugeot 504 tinkatsuka ndi chani? Wax unamudziwa liti? Inu opopera penti mumafuna magalimoto aziwonongeka kuti muzidya.

Wopopera penti ku Ndirande: Penti wa nthawi imeneyo ndi wa lero ngosiyana madala. Wakale anali mtundu wokhawokha, ukasuluka umangokhula nkutuluka watsopano pansi pake. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi primer pansi, mtundu pakati, pamwamba clear coat yoonekera, ndipo zonsezi pamodzi nzopyapyala ngati pepala la m’kope. Clear coat ndi imene imalimbana ndi dzuwa. Ikapsa imayamba kuyera ngati chifunga, kenako kusweka, kenako kusupuka, ndipo imayambira malo oyang’ana kumwamba: denga, boneti, pamwamba pa buti. Ikafika posupuka palibe polishi angaibwezeretse, ndi kupala nkupoperanso basi. Nchifukwa chake ndikufunsa kuti yafika pati.

Angoni a ku Bangwe: Bola inu muli ndi penti woti awonongeke. Ife a kabaza tikungowerenga nawo.

Mayi a mapasa: Ine yanga inathera pansi pa mtengo wa mango ku Kanjedza. Ndinkati ndikuibisa dzuwa. Nyengo ya mango mileme imabwera usiku kudzadya, mmawa denga lonse zitosi ndi makoko, kuphatikiza utomoni wa mangowo. Ndikachedwa kutsuka, dzuwa nkuwomba, pamalopo pamatsala chidindo chosachoka. Akhwangwala nawonso zitosi zawo zili ndi asidi. Pano m’galimoto simusowa botolo la madzi ndi kansalu kofewa. Ndikaona chitosi ndimayalapo kansalu konyowa kaye kuti chifewe, kenako nkuchinyamula, osapala ndi chikhadabo kapena kiyi. Maluwa a jacaranda aja amakongoletsa misewu mu Okutobala nawo akanyowa nkuuma pa boneti amasiya mathotho, muzichotsa tsiku lomwelo.

Mtumiki wa Ambuye: Mlongo, galimoto ya ngongole imakhala ndi maso ambiri. Penti sangangosupuka yekha. Ganizirani za anthu okuzungulirani.

NaPhiri wa ku Chinyonga: Abusa, ndiye magalimoto onse osupuka ali mu Chipembere Highway aja nawo ndi nsanje?

Madala a Hilux: Chachitatu, ndipo mundimvetse. Magalimoto a ku Japan amenewa amakhala nthawi yaitali padoko, mphepo ya mchere ikuwomba, kenako pa sitima, kenako padoko lina ku Dar. Pofika pa Songwe amakhala atadwala kale. Ndakhala ndikunena kuti gulani galimoto yolimba kamodzi, osati timagalimoto ta zidole timeneti. Koma ayi, aliyense Vitz, aliyense Mira, aliyense Passo. Lero mukulira pagulu.

Mphunzitsi wa ku Soche: Madala, mayiwa afunsa za penti, sanafunse kuti agule chani. Si tonse tingakwanitse Hilux. Komanso mchere umabweretsa dzimbiri kunsi ndi m’makona, iwo akunena za padenga.

Madala a Hilux: Aphunzitsi, m’kalasi ndi momwe mumalamula. Pano ndi za magalimoto.

Membala wobisa dzina: Zikomo nonse. Ine sindipita ku car wash, ndimatsuka ndekha Loweruka ndi sopo waufa wochapira zovala, madzi akavuta timatunga pamjigo. Komanso alandilodi aja akumanga nyumba ina kuseri, matumba a simenti amatsitsira pafupi pomwepo, ndikawauza amati pakhomo ndi pawo. Usiku ndimaifunditsa tenti ya buluu ija, ndimatsindira ndi njerwa.

Mayi a mapasa: Mayo ine, sopo waufa ayi asisi! Ameneyo anapangidwira kuchotsa mafuta pa zovala, ndiye wax yense amapita naye, ndipo timibulu tosasungunuka timakala. Ngakhale wotsukira mbale sayenera. Shampu ya galimoto ilipo m’mashopu a zipangizo za magalimoto ku Limbe ndi mtauni, botolo limodzi limakhalitsa chifukwa umangothira kachivindikiro.

Kamnyamata ka car wash: Madzi apamjigo ambiri amakhala ndi mchere wa m’nthaka. Mukatsuka padzuwa nkuwasiya aume okha, amasiya timadontho toyera. Muzitsuka mmamawa kapena dzuwa litapepa, chitsulo chitazizira, nkupukuta pompo ndi nsalu ya microfibre. Thaulo lakale losambira ayi.

Wopopera penti ku Ndirande: Simenti ndi tentiyo ndiye zandidetsa nkhawa. Fumbi la simenti likakumana ndi mame kapena kamvula ka chiperoni limagwira nkuuma pa penti, ndipo limadya. Tenti ya pulasitiki nayo siipuma: chinyontho chimatsekeredwa mkati, mphepo ikamaomba tenti imakhula fumbi lija padenga ndi pa boneti usiku wonse. Ngati mukufuna chofunda, gulani chopangira galimoto, chofewa mkati, ndipo muzifunditsa galimoto yotsuka yokha. Apo ayi bola kuisiya pamtunda. Shade net ya mapolo anayi mwina alandilodi angalole poti imazulika. Wax muzipaka pakatha miyezi 3 iliyonse. Kuti mudziwe ngati alipobe, thirani madzi: akapanga timipira ndiye alipo, akangoyala watha. Koma chithunzi chija achemwali, ndi mtundu wa penti, mpaka pano simunandiyankhe.

Makaniko wa ku Chirimba: Kuwonjezera apo, brake fluid ikadonthera pa penti muzitsuka ndi madzi ambiri nthawi yomweyo, imasupula penti mosachedwa. Chimodzimodzi madzi a batire. Petulo wotayikira pothira mafuta naye osamusiya aume.

Madala a Hilux: Zonsezi mukuvutika nazo chifukwa chosamva. Yoyera, mayi. YOYERA. Gulitsani kameneko kasanathe.

Membala wobisa dzina: Kugulitsa sindingathe madala, ngongole sinathe. Achimwene a ku Ndirande, kaya nzofunika, boneti ija inapoperedwapo chaka chatha alamu atagunda geti. Anakakonzetsa okha kwa mnzawo, anapita nayo mmawa madzulo inabwera itauma kale. Ndiye anandiuza kuti ndisauze bambo akunyumba.

NaPhiri wa ku Chinyonga: Ndinanena ine! Auzeni bambowo lero lomwe.

Wopopera penti ku Ndirande: Imeneyo ndiye inali yoyamba kunena achemwali. Ntchito ya tsiku limodzi pabwalo kawirikawiri amathira penti wa 1K, wopanda hardener (mankhwala olimbitsa penti), kapena clear coat yochepa, pena osapala bwino pansi. Wotero sapirira dzuwa ngati wa 2K wosakaniza ndi hardener. Boneti ikhoza kufuna kupoperanso, ndipo mukatero mudikire mwezi kapena kuposa musanapake wax. Koma denga silinagunde geti, ndiye lija ndi nkhani ina. Yendetsanipo chikhadabo pang’onopang’ono: chikamakodwa m’mphepete mwa poyerapo, clear coat yasupuka. Chikamangotsetsereka, polishi akhoza kulipulumutsa. Mundiuze zomwe mupeze.

Mphunzitsi wa ku Soche: Poti akatswiri muli pompano, nanga magalasi a nyali zakutsogolo akachita chikasu, mankhwala otsukira mano aja amathandizadi? Usiku pa msewu wa Chikwawa sindikuona bwino.