Makina a fakisi ya pa intaneti asiya kutumiza ndi kulandira chisinthireni router

Mlembi wa ku Ginnery Corner walemba:

Moni kwa nonse. Ndimagwira ntchito ya ulembi pa kampani yaing'ono yogulitsa zipangizo za galimoto muno mu Blantyre, ndipo ndabwera kudzapempha nzeru kwa amene amadziwa bwino za makina a mu ofesi. Tili ndi makina amodzi aakulu omwe amapulinta, kufotokopa komanso kutumiza fakisi kudzera pa intaneti m'malo mwa waya wa telefoni. Mwina ena adabwa kuti tikugwiritsabe ntchito fakisi masiku ano, koma chifukwa chake n'chakuti kampani ya ku Japan imene timaodako katundu imafunabe kuti maoda osainidwa azifikira pa makina awo a fakisi, ndipo nawonso amatiyankha mwa njira yomweyo.

Sabata yatha magetsi anazima n'kubweranso mwamphamvu, router yathu yakale yogawira intaneti mu ofesi inapsa, ndipo tinagula yatsopano yoyendera simu khadi. Makompyuta ndi mafoni onse analumikizika bwinobwino tsiku lomwelo, koma makina a fakisi okha ndiwo akana mpaka lero. Ndikaika chikalata amachiwerenga, amadikira kwa mphindi ngati ziwiri, kenako amatulutsa pepala lonena kuti alephera kupeza seva ya SMTP, yomwe ndi seva yotumizira maimelo. Kulandiranso sakulandira. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti kupulinta kuchokera pa kompyuta yanga kukuyendabe, choncho sindikuona ngati netiweki ili ndi vuto. Imelo ya makinawa ndi ya Gmail, ndipo poganiza kuti mwina vuto ndi pasiwedi, ndinaisintha pa kompyuta n'kulemba yatsopanoyo m'makina, koma palibe chasintha. Oda ya mwezi uno ikudikira, ndipo abwana akundifunsa m'mawa uliwonse. Kodi ndiyambire pati?

Wokonza makompyuta wa ku Limbe wayankha:

Mayi, pepani ndi vutoli. Choyamba ndikupempheni kuti musasinthenso kanthu kena kalikonse pa imelo mpaka titsimikize kuti makinawo akutuluka kunja kwa ofesi yanu, chifukwa uthenga umene akukupatsaniwo sukunena kuti seva yakana pasiwedi ayi, ukunena kuti sevayo sanaipeze n'komwe.

Mwanena kuti kupulinta kukuyenda, koma taonani kumbuyo kwa makinawo kuti kompyuta yanu yalumikizidwa bwanji. Ngati pali waya wa USB wochokera ku kompyuta kupita ku makina, ndiye kuti kupulintako sikudutsa pa netiweki, ndipo sikungatiuze chilichonse za fakisi. Onaninso waya wa netiweki ngati walowa mu router yatsopanoyo, komanso ngati timagetsi tating'ono ta pamene wayayo walowera tikuyaka. Ndakumanapo ndi maofesi ambiri kumene posintha router anthu amakumbukira Wi-Fi yokha, waya wa pulinta n'kutsala uli lende pansi pa tebulo.

Mukatero, lowani mu menyu ya makinawo ndipo mupulinte pepala la makonzedwe a netiweki. Papepalapo muone zinthu zinayi: IP address, subnet mask, gateway ndi DNS. Kenako pa kompyuta ya Windows tsegulani Command Prompt, lembani ipconfig, ndipo mufanizire manambala a kompyutayo ndi a makina. IP address ili ngati nambala ya puloti: ngati subnet mask ndi 255.255.255.0, zigawo zitatu zoyambirira ziyenera kufanana pa zipangizo zonse za mu ofesi, chigawo chomaliza chokha ndicho chimasiyana. Chimene ndikuganiza n'chakuti amene anakuikirani makinawa anawapatsa adilesi yosasintha yogwirizana ndi router yakale, mwachitsanzo 192.168.1.50 ndi gateway 192.168.1.1 (gateway ndi adilesi ya router, geti lotulukira kunja), pomwe ma router ambiri oyendera simu khadi amagawa maadilesi oyamba ndi 192.168.8 kapena 192.168.0. Zikakhala choncho, makinawo akugogoda pa geti lomwe linachotsedwa kale. Ngati mungapeze adilesi yoyamba ndi 169.254, tanthauzo lake ndi lina: makina anapempha adilesi kwa router, sanayankhidwe, ndiye anadzipatsa okha, ndipo pamenepo muyenera kukayikira waya kapena polowera pake.

Njira yachidule yoyesera ndi kusintha makonzedwe a adilesi kuchoka pa Manual kapena Static kupita pa DHCP (kuti router izipereka yokha adilesi), kuzimitsa makina, kuwayatsanso, ndi kupulinta pepala lija kachiwiri. Mukaona adilesi yatsopano, lembani ping ndi adilesiyo mu Command Prompt ya pa kompyuta yanu kuti muone ngati makina akuyankha. Musaiwale DNS, chifukwa ndiyo imasandutsa dzina loti smtp.gmail.com kukhala manambala amene makina angathe kuwatsata. Ngati pa DNS patsala adilesi ya router yakale, ikanipo ya router yatsopano kapena 8.8.8.8, yomwe ndi ya Google. Mukachita zimenezi mutiuze uthenga umene makina akupereka, mawu ake enieni pamodzi ndi nambala ngati ilipo.

Mlembi wa ku Ginnery Corner walemba:

Zikomo kwambiri bambo, munalondola. Kompyuta yanga ndi yolumikizidwadi ndi USB, ndipo makina anali pa 192.168.1.50 pomwe makompyuta onse ali pa 192.168.8. Ndasintha kupita pa DHCP, apeza adilesi yatsopano, ndipo ping ikuyankha. Tsopano sakudikiranso nthawi yaitali monga kale, koma akutulutsa uthenga wina wonena kuti kulumikizana kwa SSL kwalephera. Pa makonzedwe a imelo pali smtp.gmail.com ndi port 587. Mnzanga wina wandiuza kuti ndingozimitsa SSL kapena ndichotse chizindikiro pa mawu oti makina azitsimikiza satifiketi ya seva. Kodi nditero?

Woyang'anira netiweki wa ku Lilongwe wayankha:

Mayi, uthenga ukasintha chonchi ndiye kuti mwapita patsogolo, pakuti tsopano makina anu akufika pakhomo pa seva ndipo chatsala ndi kugwirizana pa chitetezo. Za kuzimitsa SSL, chitetezo chobisa zimene makina akukambirana ndi seva, ndikukuletsani. Gmail silola kulowa popanda chitetezocho, choncho simupindula kanthu. Ndipo kusiya kutsimikiza satifiketi, ngakhale nthawi zina kumachotsa uthenga wa vutowo, kumatsegula mpata woti wina anamizire kukhala seva n'kutenga pasiwedi ndi zikalata za kampani yanu. Maoda okhala ndi mitengo ndi masiginecha si zinthu zoseweretsa motero.

Musanakhudze china chilichonse, onani deti ndi nthawi pa sikirini ya makinawo. Satifiketi ndi chiphaso chimene seva imadzidziwitsa nacho, ndipo iliyonse ili ndi tsiku loyambira kugwira ntchito ndi tsiku lothera, ndipo makina amaiyeza ndi wotchi yawo. M'kati mwa makina muli kabatire kosunga nthawi magetsi akazima, ndipo kakatha mphamvu wotchiyo imabwerera ku chaka chakale kwambiri. Makina amene akuganiza kuti ali zaka khumi m'mbuyo amaona satifiketi ya lero ngati yosayenera kugwira ntchito, n'kuikana. Konzani deti, ikani nthawi ya kuno yomwe ndi UTC+2, ndipo ngati pali malo olembapo seva ya nthawi ya SNTP, lembanipo pool.ntp.org kuti wotchi izidzikonza yokha magetsi akabwera. Kuno kwathu kumene magetsi amazimazima, chinthu chaching'onochi chimapulumutsa maulendo ambiri a wokonza makina.

Chachiwiri ndi kugwirizana kwa port (nambala ya khomo lolowera pa seva) ndi mtundu wa chitetezo. Port 587 imayendera STARTTLS, kutanthauza kuti kukambirana kumayamba poyera kenako n'kubisidwa, pomwe port 465 imafuna kuti zonse zibisidwe kuyambira pa mawu oyamba, ndipo makina ambiri amaitchula kuti SSL basi. Mukasakaniza ziwirizi, monga kusankha SSL pa 587, makina ena amalephera ndi uthenga wofanana ndi wanuwo. Ngati 587 ikukana ngakhale mwasankha STARTTLS kapena TLS, yesani 465 ndi SSL. Port 25 musaiganizire, popeza makampani ambiri opereka intaneti amaitseka pofuna kuchepetsa maimelo achinyengo. Kuti mudziwe ngati njira ili yotsegula, tsegulani PowerShell pa kompyuta ndi kulemba Test-NetConnection smtp.gmail.com -Port 587. Ikayankha True, ndiye kuti router ndi kampani ya intaneti sizikutsekereza.

Pali nkhani ina imene mudzakumana nayo mukangodutsa pa SSL, ndipo ndi bwino muidziwiretu. Kuyambira pa 30 Meyi 2022, Google inasiya kulola zipangizo ngati izi kulowa mu akaunti wamba ya Gmail ndi pasiwedi ya masiku onse. Ngati makina anu akhala akutumiza bwino mpaka sabata yatha, ndiye kuti anali ndi pasiwedi yapadera ya zilembo 16 yotchedwa app password, yomwe imapangidwa mu akaunti ikakhala ndi chitetezo cha magawo awiri. Munthu akasintha pasiwedi yaikulu ya akaunti, ma app password onse akale amafafanizika. Choncho pamene munasintha pasiwedi ija, kiyi amene makina ankagwiritsa ntchito anatha mphamvu, ndipo imene munalembamo m'malo mwake sevayo siilandira. Musadziimbe mlandu, anthu ambiri amayambira pomwepo. Lowani mu akaunti ya Google pa kompyuta, pitani pa gawo la chitetezo, pangani app password yatsopano, ndipo muilembe m'makina popanda mipata pakati pa zilembo. Dzina lolowera likhale adilesi yonse ya imelo, ndipo adilesi ya wotumiza ikhale yomweyo. Mukaona nambala 535, dziwani kuti ndi dzina kapena pasiwedi imene yakanidwa. 530 imasonyeza kuti makina sanadzidziwitse kapena sanayambitse chitetezo. 552 kawirikawiri ndi uthenga umene wakula kuposa muyezo.

Zonsezi zikalephera, funsani amene anakugulitsani makina ngati ali ndi firmware yatsopano, kutanthauza pulogalamu ya m'kati yoyendetsa makinawo. Makina akale ena amangodziwa njira zakale zachitetezo za TLS 1.0 ndi 1.1, zomwe zinalengezedwa kuti ndi zotha ntchito mu 2021, ndipo ma seva ambiri tsopano amafuna TLS 1.2.

Mlembi wa ku Ginnery Corner walemba:

Bambo, ndathokoza kuchokera pansi pa mtima. Wotchi inalidi pa 1 Januwale 2010. Nditaikonza, uthenga wa SSL unachoka n'kubwera 535 monga munanenera, ndipo nditapanga app password yatsopano oda yapita madzulo ano, moti a ku Japan atsimikiza kuti ailandira. Chatsala ndi kulandira. Yankho lawo ndikuliona mu Gmail pa kompyuta, koma makina sanalipulinte. Ndinayesanso kudzitumizira chikalata cha PDF kuchokera pa foni kuti ndione, ndipo nachonso sichinatuluke.

Wokonza makompyuta wa ku Limbe wayankha:

Ndasangalala kumva kuti oda yapita, mayi. Kutumiza ndi kulandira zimayenda m'njira ziwiri zosiyana, ndipo iliyonse ili ndi malo ake olembapo dzina ndi pasiwedi. Potumiza makina amagwiritsa ntchito SMTP, koma polandira amachita ngati munthu wopita ku positi ofesi kukatsegula bokosi lake: pakapita mphindi zingapo amafunsa seva ya POP3 ngati kwabwera kalata. Mwachionekere pa gawo la POP3 patsala pasiwedi yakale. Lembanipo app password yomweyo, seva ikhale pop.gmail.com, port 995, SSL yoyatsa. Onaninso mu makonzedwe a Gmail, pa gawo la Forwarding and POP/IMAP, ngati POP ndi yololedwa. Pomaliza onani nthawi imene makina amadikira asanafunsenso seva. Pa makina ambiri ikakhala pa 0 ndiye kuti safunsa okha mpaka munthu adine batani lolandirira, choncho ikanipo mphindi 5 kapena 10.

Za PDF ija musadandaule nazo, chifukwa mwina sizikusonyeza vuto lililonse. Fakisi ya pa intaneti imatsata muyezo wotchedwa T.37, umene bungwe la ITU, loona za matelefoni pa dziko lonse, linakhazikitsa mu 1998, ndipo pa muyezowu tsamba limayenda ngati chithunzi cha mtundu wa TIFF chomatidwa ku imelo. Makina ambiri a mtundu umenewu amapulinta TIFF ndi mawu wamba a mu imelo basi, ndipo akakumana ndi PDF kapena fayilo ya Word amaidumpha kapena amatulutsa pepala lonena kuti sangathe kuitsegula. Njira yabwino yoyesera ndi kutumiza fakisi kuchokera pa makinawo kupita ku adilesi yawo yomwe, n'kudikira kuti ibwerere. Ikatuluka, ndiye kuti za ku Japan nazonso zituluka, popeza zikuchokera pa makina a fakisi anzawo. Pa chifukwa chomwechi, akaunti imeneyi ikhale ya makina okha, isamalembetsedwe kwina kulikonse, kuopa kuti angamapulinte maimelo otsatsa malonda n'kukuthererani mapepala ndi tona.

Ndiwonjezepo za adilesi ija tinaisiya pa DHCP. Popeza mumapulinta ndi USB ndipo makina ndiwo amapita okha kukatenga makalata, ingathe kukhala choncho osavuta. Koma tsiku limene mudzafune kuti makompyuta ena azipulinta kudzera pa netiweki, mudzalowe mu router ndi kusungira makinawo adilesi imodzi pogwiritsa ntchito nambala yawo ya MAC, yomwe ili pa pepala la makonzedwe lija. Pepalalo mulipulintenso lero zonse zikuyenda, mulembepo ma port ndi mayina a ma seva koma osati pasiwedi, ndipo muliike mu fayilo ya mu ofesi. Kabatire ka wotchi kafunika kusinthidwa ndi wokonza makina, ndipo muwapemphe abwana agule chotetezera mphamvu ya magetsi choti router ndi makinawo azilumikizidwapo, nyengo ya mvula ndi ziphaliwali isanafike.