Kathirakitala kakale ka petulo kakumazima pakati pa ntchito, ndiwonjezere fyuluta?

Wa ku Ntcheu:
Abale anga muli bwanji nonse. Ine ndimagwira ntchito pa ploti ina ku Walkerville, kum'mwera kwa Johannesburg, ndiye abwana ali ndi kathirakitala kotuwa ka Ferguson kamene azungu akuno amati Vaaljapie, ka petulo osati dizilo. Ndi kamene ndimatchetchera udzu komanso kututira manyowa a mahatchi. M'mawa kamalira bwinobwino kungogunda kamodzi, koma ndikagwira ntchito mwina mphindi 15 kamayamba kutsokomola ngati kakubanika, ndikakoka choko kamatsitsimuka pang'ono kenako zii. Ndikadikira pang'ono kamaliranso ngati palibe chachitika. M'kagalasi kamene kali kunsi kwa thanki mukumadikha zinthu zofiirira ngati tiyi wotsalira m'kapu. Sabata yatha ndinadula paipi n'kuikapo kafyuluta ka pulasitiki ka galimoto koma zikuoneka ngati zangonyanyira. Udzu watalika ndi mvulayi ndipo sindikufuna abwana aganize kuti ndawononga ndine. Ndiike fyuluta yachiwiri kapena nditani?

Makaniko wa ku Turffontein:
Achimwene choyamba chotsani kafyuluta mwaikako. Thirakitala imeneyo ilibe pampu ya mafuta, thanki ili pamwamba pa injini ndiye petulo amangotsetsereka yekha kupita mu kabureta. Fyuluta ya galimoto anaipangira petulo wokankhidwa ndi pampu, pepala lake ndi lothina, likangogwira fumbi pang'ono basi petulo amayamba kudontha m'malo moyenda. Zimene mukuonazo ndi njala ya injini, ikumwa kuposa amene akufika, ndiye mukaima mu kabureta mumadzadzanso pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ikumaliranso.

Kagalasiko ndiye fyuluta yake yeniyeni. Madzi ndi dzimbiri ndi zolemera kuposa petulo, zimadikha pansi inu mukuziona ndi maso, ndipo pamwamba pake pali kasefa ka waya kopyapyala kamene kamagwira zotsala. Tsekani mpopi wa petulo wa kunsi kwa thanki, masulani kanati ka pansi ndi dzanja, gwirani galasi bwino lisagwe chifukwa kulipeza ndi ntchito. Kasefako katsukeni ndi petulo ndi mswachi wakale, mukakayang'anitsa ku dzuwa kuwala kuzidutsa paliponse. Gasiketi ya pakamwa pa galasi ikakhala youma kapena yong'ambika sinthani, ndipo pomanga osagwiritsa pulayala.

Mukatero masulani kaboti kokhetsera mafuta pansi pa kabureta, tcherani botolo la 500ml, tsegulani mpopi. Petulo azituluka mosadukiza ngati kachingwe, botolo lidzadze pa mphindi ziwiri kapena zitatu. Akayamba mwamphamvu kenako n'kumadontha ndiye kuti kwatsekeka ndi kumtunda. Koma ndikuuzeni zoona, zofiirazo ndi thanki imene ikudyeka mkati. Ma Ferguson amenewa ankapangidwa ku Coventry kuyambira 1946 mpaka 1956, ndiye tangoganizani thanki ya chitsulo yakhala zaka zingati ikuchita thukuta mkati, makamaka ndi kuzizira kwa kuno kwa mu June kuja udzu umadzuka utayera. Popanda kutsuka thanki muzingotsuka galasi tsiku ndi tsiku.

Mlongo wanu wa ku Honeydew:
Ine pa nkhani ya fyuluta ndisiyana nanu pang'ono a makaniko. Zilipo zina zopangira injini zopanda pampu, ngati za majenereta ndi njinga zamoto, zimagwira bwino, bambo akunyumba anaika pa ya kuntchito kwawo mpaka lero. Chachikulu isakhale pafupi ndi ekizozi chifukwa pulasitiki ndi moto sizigwirizana. Koma achimwene musanamasule chilichonse tayang'anani chitsekero cha thanki, chili ndi kabowo kopumira, kakatsekeka ndi dothi mpweya sulowa ndiye petulo satsika. Ikangozima tsegulani chitsekerocho, mukamva kuti fyuu mwapeza wakuba. Komanso onani ngati moto ukufika ku mapulagi nthawi yomweyo isanazizire, koyilo yotopa nayo imachita chimodzimodzi ikatentha, anthu amataya ndalama pa kabureta vuto lili kwina.

Mkulu wa ku Dedza:
Mwana wanga, zimene anena anzakowa ndi zoona, ine ndingowonjezera za mpopi poti ambiri sadziwa. Umatsegula kawiri kokha, kupotokola kuwiri basi. Ukatsegula mpaka kumapeto ndiye kuti wapita pa rizevu, ukukoka petulo wa pansi penipeni pa thanki pomwe pamagona matope onse ndi madzi. Ndikukayika kuti iwe umatsegula mpaka kumapeto.

Potsuka thanki uyitsitse pansi, ukhuthule petulo yense, uponyemo manati odzadza dzanja koma uwawerenge kaye kuti atuluke onse, ndiye uyikhutchumule mpaka mikono itope. Kenako viniga agonemo, utsukuluze ndi madzi, uyiyanike padzuwa iume gwa, ukasiya chinyezi dzimbiri libwerera mawa lomwe. Usayerekeze kuwotcherera thanki ya petulo ngakhale ikuoneka youma, ndipo osachitira ntchitoyi m'shedi muli mabelo a udzu, kapena pafupi ndi munthu wosuta. Ndinaonapo mnyamata atapsa manja onse awiri. Madzulo uzisiya thanki yodzadza, ndipo petulo wa m'chigubu uzithira ndi fanelo ya sefa.

Wa ku Ntcheu:
Zikomo kwambiri nonse, akuluakulu mwandigwira penipeni, mpopi ndimatsegula mpaka kumapeto tsiku lililonse chibwerereni pano, palibe anandiuzapo. Lero ndachotsa kafyuluta kaja, kasefa ka waya ndakapeza katamatika zii ngati anapakapo phala, kuwala sikumadutsa n'komwe. Nditatsuka botolo ladzadza bwinobwino ndipo ndatchetcha mbali yonse ya kumpanda osazima. Kabowo ka chitsekero kanali kabwino alongo. Abwana ndawaonetsa zimene zinatuluka m'galasi, avomera kuti thanki titsitse Loweruka ndipo agula okha paipi yatsopano m'malo mwa ija ndinadula. Funso langa latsala ndi la gasiketi, yakaleyo yathetheka ndipo pakudontha pang'ono m'mbali mwa galasi, ndingadule ya chubu cha njinga kuti ndifikire Loweruka?

Makaniko wa ku Turffontein:
Ayi chubu ayi achimwene, petulo amachitupitsa n'kuyamba kunyenyeka, tizidutswa take tikatsekanso kasefa komweko. Gulani pepala la koko (cork) lodulira magasiketi mu shopu ya masipeya, ikani galasi pamwamba, zungulizani ndi bolopeni ndi kudula ndi lezala. Pakadali pano mukamaliza ntchito muzitseka mpopi, ndipo ngati pakudonthabe musayilize.